Tsiku Limene Apongozi Analankhula ndi Talakita

Ana inu, tayala mwakhaliralo musamalimenye ndi zidendene ngati ng'oma. Dalitso, ndikunena iwe! Tayala limenelo ndi lalikulu kwa atate ako, ndipo likadapanda kundichititsa manyazi tsiku lina, nonsenu bwenzi kulibe. Malaiti apita, mafoni anu afa, ndiye lero mulibe kothawira, mumva basi.

Mukudabwa chimene ndakhala ndikusekera kuyambira dzulo? Ndi mnyamata wa Taonga uja, wa njinga yamoto. Kufika pano, kuwagwira chanza amake a Taonga, gwa! Kukhala nawo pampando umodzi, kenaka kutulutsa foni kuti ajambule nawo chithunzi: "Ba mami, bwelani pafupi tikopeko." Tsaya ndi tsaya ndi apongozi! Ine ndinathawira kuseri kwa nyumba kukaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Usakwiye Taonga, mnyamatayo ndamukonda, ali ndi mano abwino. Koma masiku athu mkamwini akaona apongozi aakazi akubwera m'njira, ankapatukira patchire ngakhale pakhale chitedze. Kuyang'anana kumaso ayi, kulankhulana ayi. Sichinali chidani, unali ulemu. Ukafuna kuwauza kanthu unkatuma munthu, ndipo munthu akasowa unkauza chilichonse chimene chili pafupi, kaya chitseko kaya galu, iwo n'kumamvera chapatali.

Ine ku Lusaka kuno ndinabwera pa lole ya mtedza kuchokera ku Katete, masiku awiri ndili pamwamba pa matumba, kamba wanga chinangwa chootcha ndi mbewa zitatu. Inu mukati ulendo mumanena basi ya mipando yofewa, ndipo mumadandaulabe kuti msana. Ine powoloka Luangwa n'kuti kamba atatha kale, ndikubowola thumba la eni ndi chala. Ntchito ndinaipeza pa famu ya a Mudenda, Mtonga wopuma ntchito ya njanji, kumadzulo uko kupitirira Kanyama yathu ino. Anali ndi talakita imodzi yofiira, nkhalamba kale ngakhale nthawi imeneyo, yoti pomaliza ntchito uiimike pachulu kuti mawa ukailize poitsetseretsa, pakuti ikagona usiku n'kuzizira inkakana kulira. Ndinayamba ndi kuitsuka, kenaka kuithira mafuta, chaka chachitatu ndinali pa chiwongolero. Ha, mukanandiona! Chipewa chopendeka, dzanja limodzi m'chiuno, moni ndinkapereka ndi chibwano.

Ambuya anu awa, amene akunamizira kusankha mpunga pakhomopo koma makutu ali kuno, nthawi imeneyo anali Esinati wogulitsa vitumbuwa m'mbali mwa msewu. Ndinadya vitumbuwa, ana inu, mpaka ovolosi inayamba kukana mabatani. Atavomera, ndinatuma mnzanga Saidi kwa makolo ao. Saidi anali wamkulu kwa ine, Myao wokhoma mbaula ndi zidebe, munthu wodziwa kuyala mawu.

Atate ao, a Banda, anali mlonda pa fakitale ina, koma mtima wonse unali kumunda. Munthu wamtali, wakuti polowa m'nyumba yake yomwe ankawerama. Anati: "Tauni ndi tauni, koma mwana wanga satengedwa ndi munthu amene sindinamuone m'munda mwanga." Munda wao unali kuseri kwa komboni, kumene lero kuli nyumba zokhazokha. Ndipo sindinali ndekha. Kunali telala wina wa ku Matero, wa nsapato zowala, amene anali atabandira kale mizere inayi ndi khasu, manja ake matuza okhaokha.

Tsiku londionetsa, ine nditagwada pansi, pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati: "Mizere inayi? Ine munda wonsewo ndibandira tsiku limodzi, ndi talakita."

Saidi ananditsina pantchafu, koma mawu anali atatuluka kale.

A Banda anandiyang'ana kuchokera kumwamba kuja. "Talakita m'chimanga chofika m'mawondo? Chabwino, a Mwale. Mapesi khumi ndikukhululukirani. La khumi ndi limodzi likagwa, mutole chipewa chanu, Esinati ndi wa telala."

Mwamva? Mapesi khumi. Inu nonse muli apa munali pa mapesi khumi amenewo.

A Mudenda anandibwereka talakita Loweruka, pamodzi ndi lija, makasu aja okokera dothi ku mizere. Koma nditapita kumunda ndi ndodo kukayesa, ndinapeza vuto. A Banda ankayesa mizere ndi miyendo yao, ndipo miyendo yake ndakuuzani. Mizere inali yotalikirana, pamene talakita yathu inali yomangidwa mopanikiza, ya pulawo. Mawilo, m'malo moyenda m'mipata, akadakwera pamwamba pa mizere penipeni pamene pali chimanga. Panalibe kuchitira mwina koma kutanula mawilo, mbali iliyonse chikhatho chimodzi ndi theka.

Tsono mverani, muphunzireko kanthu kena kosati kukanda mafoni. Akutsogolo savuta, umangosolola chitsulo n'kusuntha mabawuti. Nkhani ili kumbuyo. Wilo lakumbuyo lili pawiri: pali limu imene imanyamula tayala, ndiye pali mbale yachitsulo pakati, yokhala ngati beseni, imene imamangidwa ku talakita. Beseni likayang'ana uku, mawilo amayandikana. Ukalitembenuza, mawilo amatalikirana. Ine ndinali nditaonapo makanika akuchita zimenezi kamodzi kokha, ndipo ndinkaonera ndikukukuta chimanga, maso theka ali kwa atsikana otunga madzi. Kufunsa a Mudenda? Ine? Dalaivala wa chipewa chopendeka? Safunsa anadya phula, ana inu, ndipo ine ndinadya lodzaza dzanja.

Munthu wanzeru akadagwirira ntchitoyo ku famu, mwakachetechete. Ine ndinati ayi, Kanyama ione. M'mawa wa Lowerukalo ndinaimika talakita pakhomo penipeni pa a Banda, phuphuphu, utsi tolo! Anthu anatuluka ena sopo ali kumutu. Tinaika jeke, Saidi anavala paipi pa sipanala, tinakwera tonse awiri pa paipipo, nati yoyamba inalira ngati mbuzi. Anthu m'manja, wawawa! Ine chifuwa patsogolo.

Chimene ndinaiwala kumuuza Saidi n'chakuti m'matayala a talakita mumathiridwa madzi kuti alemere. Wilo limodzi ndi ng'ombe yathunthu. Titangolichotsa, linatiyang'ana, n'kunyamuka lokha. Kanyama ndi yosalala ngati tebulo, koma wilo limenelo linapeza katsetse kake. Gubudu gubudu, amayi kukuwa, kunyamula ana, abakha mbwee! Saidi pambuyo, kofia ili m'manja, akufuula, "Pisani! Pisani!" Linadutsa pachithaphwi, thapsa, n'kukaima potsamira chimbudzi cha masaka cha oyandikana nawo. M'katimo munali mkulu wa mpingo. Anatuluka atagwira thalauza, akuimba nyimbo ya maliro. Musaseke kwambiri, likadagwera munthu bwenzi ndikukamba zina, koma mayo ine, mpaka lero ndikakumbuka nkhope ija nthiti zimawawa.

Amuna asanu anatithandiza kulibweza. Tinalitembenuza pomwepo, kunja kukhala m'kati, n'kulimanga mbali yake yomweyo. Linalo chimodzimodzi. Kuyesa ndi ndodo, ndendende! Ndinavina pang'ono, sindinama.

Nthawi yonseyi apongozi aakazi, a NaPhiri, anali pambali pa nyumba atatifulatira, akusankha nyemba m'lichero. Kamunthu kochepa, kosalankhulalankhula. Ine sindinkadziwa kuti asanabwere m'tauni anagwira zaka zambiri pa esiteti ya fodya, akuyenda pambuyo pa matalakita kuwokera mbande, moti ankatha kuyang'ana mapazi a talakita m'matope n'kudziwa kumene yalowera. Anaponyera bakha nyemba yofumbwa, n'kunena mokweza ndithu:

"Bakha iwe, ku esiteti akamatanula mawilo ankawasinthanitsa. Lakumanja linkapita kumanzere, lakumanzere kumanja. Apo ayi nthiti za tayala zimayang'ana kumbuyo. Koma ine ndine wa nyemba, bakha iwe."

Saidi anandikoka malaya. "Lazalo, wamva?"

Ndinamva bwinobwino. Ndinayang'ana matayala, ndipo zoonadi, nthiti zija zimakumana pakati ngati phazi la nkhuku, nsonga yake pamwamba pa tayala inali kuloza kumbuyo m'malo mwa kutsogolo. Koma anthu anali ataomba kale m'manja. Ndimasulenso pamaso pa Kanyama yonse, chifukwa cha mawu a mayi wosankha nyemba? Ndinati: "Amayi akucheza ndi bakha wao, ife zitikhudza bwanji? Tayala ndi tayala, limazungulira basi."

Dalitso, tagwira tayalalo pamwamba. Waziona nthitizo? Zikaloza kutsogolo zimakankhira matope kunja, tayala n'kumadziyeretsa lokha. Zikaloza kumbuyo zimasonkhanitsa matope pakati. Tayala limasanduka chitumbuwa.

Tinapita kumunda ngati ukwati wachitika kale, ine pamwamba, khamu pambuyo. Telala naye anabwera, ataima patali ndi ambulera. Kumtunda kwa munda kunali kouma, ndipo ana inu, zinakoma! Mawilo m'mipata mwenimweni, chimanga chikudutsa pansi pa mimba ya talakita osakhudzidwa, dothi likugudubukira ku mizere mbali zonse. Ndinayamba kuimba. Ndinavula chipewa kuwaweyulira ambuya anu.

Kumunsi kunali kachidambo, ndipo mvula inali itagwa Lachinayi. Nditangolowamo ndinamva matako a talakita akuvina. Matayala anadzaza matope, psiti, kusalala ngati mutu wa Saidi. Ndinaponda mafuta, ndicho chitsiru chimachita. Mawilo anazungulira pamalo amodzi, talakita inatsetserekera chammbali, n'kukwera mzere. Ndinamva ndi makutu angawa: thyo, thyo, thyo, thyothyothyo! Ndinazimitsa. Kunali zii. Ambulera ya telala yokha ndiyo inkazungulira mokondwa.

Ndinakhala pampando paja ndikuona Esinati akusokeredwa madiresi moyo wake wonse. Ndinafuna kulira, ndipo ndikuganiza kuti ndinalira pang'ono.

A Banda anayamba kutsika ndi miyendo ija, chala chili chotambasula kale kuti awerenge. Koma a NaPhiri anawadutsa, chidebe cha thobwa chili pamutu. Anatula, anafulatira ine, n'kuyang'ana talakita kumphuno.

"Talakita iwe," anatero, "mapazi ako aloza kumbuyo. Ndiye kutsogolo ukulimbana nako chifukwa chiyani? Nyamula makasu akowo, ubwerere chammbuyo, pang'onopang'ono."

Anthu anayamba kuseka. Ine sindinaseke. Ndinatsika, ndinavula chipewa, ndinagwada m'matope momwemo pafupi ndi wilo, n'kunena: "Talakita iwe, uwauze amayi kuti ndamva. Uwauzenso kuti za bakha zija ndinamva, koma ndinali chitsiru."

"Talakita iwe, umuuze mwini wako kuti uchitsiru suphika ndiwo. Akwere."

Ndinailiza ikadali yotentha, ndinakweza lija, ndinaika giya yobwerera. Ogo! Inatuluka ngati ikuyenda pa tala, pakuti chammbuyo nthiti zija zinali zolondola. Ndinakaimika pouma, m'mbali mwa njira.

A Banda anati, "Tsono ndiwerenge."

A NaPhiri kwa amuna ao ankalankhula mwachindunji, ndipo ankalankhula kamodzi. "Kuwerenga ndi ntchito ikatha. Munati tsiku limodzi, dzuwa likadali apo. Inu ndinu wamtali, kagwireni wilo lingagwere ana a eni."

Ndiye anayamba kulamula, maso ali pa talakita. "Talakita iwe, pansi pa jeke aike mwala wafulati, asakuimike pa dothi. Mawilo akutsogolo awatsekere ndi miyala. Akusanjikire miyala ina pansi pa mimba, chifukwa mawilo onse awiri achoka nthawi imodzi. Madzi a m'matayala ayambe awatulutsa, tatopa kuthamangitsa mawilo m'zimbudzi." Miyala ku Kanyama simusowa, mukudziwa nokha mmene imatiphulira zala. Ine ndinkangoti, "Talakita iwe, inde amayi. Talakita iwe, zikomo amayi." Saidi anaseka mpaka anakhala pansi, akuti chibadwire sanaone mlandu woweruzidwa ndi galimoto.

Atamaliza kulamula anatenga mwana wao Esinati n'kutsikira kumunsi kuja, ati kukathyola ndiwo. Ife amuna tinatsala ndi thukuta. Kutulutsa madzi, kumasula, kugubuduza lakumanja kuzungulira kumbuyo, lakumanzere chimodzimodzi, a Banda atakumbatira tayala ngati mwana wobadwa kumene, akutukwana chapansipansi. Kupopa ndi pampu ya dzanja, ija ya a Mudenda, mosinthana anthu anayi mpaka mikono kufa. Pomanga manati a NaPhiri anali atabwera, chimtolo cha masamba m'chitenje chili pamutu, ndipo anauza talakita kuti manati amangidwe modumphadumpha, uku ndi uku, osati motsatana, ndiponso kuti ikayenda pang'ono amangidwenso.

Ndinabwerera m'munda dzuwa litapendeka. Talakita inali itapepuka popanda madzi aja, koma nthiti zinkaluma bwino, matope akugwa okha m'mbali. M'kachidambo muja ndinadutsa ngati ndanyamula mazira. Dzuwa lisanalowe mzere womaliza unatha, ndipo sindinathyolenso ngakhale tsamba.

Tsono kuwerenga. Tonse tinatsikira pamalo a ngozi paja. Ambuya anu anali atakhala pamzere pomwepo, miyendo tambalale, ati mwendo wachita dzanzi, sangaimirire. A Banda anawazungulira. "Limodzi. Awiri. Atatu." Ine maso ndatseka. "Asanu ndi atatu. Asanu ndi anayi." Anayang'ana uku, anayang'ana uku. Anaona mipata m'mizere, n'kung'ung'udza kuti mbewa za chaka chino zafukula mbewu zambiri. Anawerenganso kachiwiri. Asanu ndi anayi.

"A Mwale," anatero, "mwatsala ndi phesi limodzi. Mulisunge bwino, ukwati ndi wautali."

Ndinalumpha, ana inu! Ndinamunyamula Saidi, ndinapsompsona talakita pamphuno n'kupsa milomo. Telala anapinda ambulera yake n'kumapita. M'mutu mwanga ndinkadziwa kuti thyothyo uja anali wambiri, koma ndinati kaya, mwina mantha ndiwo anandichulukitsira.

Zaka zinapita. Atate anu ndi azakhali anu anabadwa. A Banda anatisiya, munda uja anthu anaudula mapuloti. Talakita inafera pachulu pake paja, ndipo a Mudenda pogulitsa zitsulo anandipatsa tayala ili kuti ndizikumbukira. A NaPhiri tinawatenga, anakhala m'chipinda icho mumagona anyamatamu. Anthu ena ana akabadwa mwambo uja amaufewetsa, koma ife awiri tinali titauzolowera, unkatikomera. M'mawa uliwonse: "Ketulo iwe, bambo a nyumba ino adzuka bwanji?" Ine: "Ketulo iwe, uwauze ndadzuka, kaya iwo." Tinakambirana za sukulu za ana kudzera mwa wailesi. Tinakangana za ndale kudzera mwa mphaka. Zaka makumi atatu, ndipo sindinakhalepo ndi bwenzi loposa mayi amene uja.

Atadwala matenda omaliza, tsiku lina masana anatuma ambuya anu kuti ndilowe. Ndinakhala pansi pafupi ndi khomo, nditayang'ana kukhoma, ndikufunafuna choti tilankhulire. Panali kapu pampando. Ndinati, "Kapu iwe..."

Anati: "Lazalo. Siya kapu. Tandiyang'ana."

Dzina langa, m'kamwa mwao! Ndinatembenuka. Kanali koyamba kuona bwino nkhope yao, ndipo ndinapeza kuti maso a ambuya anu ndi a iwo. Ankaseka, mpweya uli wochepa.

"Mapesi aja anali makumi awiri ndi atatu. Khumi ndi anayi ndinazula, ndinatuluka nawo m'chitenje pamaso pa a Banda. Abakha anadya umboni."

Ndinafunsa, misozi ili mbwembwembwe, kuti amayi, munachitiranji zimenezo, munthu nditakunyozani pa bakha?

Anati: "Wogwira khasu ndikadamupeza paliponse. Koma mwamuna wogwada m'matope pamaso pa anthu n'kunena kuti ndinali chitsiru, ndinaona mmodzi yekha. Ndinati ameneyu asapite."

Anamwalira Lachiwiri lake. Ndiye Taonga, mnyamata wakoyo ajambule zithunzi mmene angafunire, ine sindiletsa. Koma tsiku lina adzamanga wilo chagada, onse amatero. Udzaone ngati...

Ambuya anu akuti chiyani pakhomopo? Mukuti chiyani kumeneko, NaBanda? Lankhulani mokweza, ana amve.

Makumi awiri ndi asanu ndi limodzi? Iyayi, amayi anati makumi awiri ndi atatu, ndinamva ndi makutu anga.

Atatu munakhalira inu?

Mwendo wa dzanzi uja! Ana inu, mwamva? Zaka zonsezi ndikugona nyumba imodzi ndi mbala ya mapesi, osandiuza! Dalitso, choka pa tayalapo, choka msanga, upukute ndi malaya ako. Bwerani NaBanda, siyani mpungawo, mudzakhale apa. Malo awa ndi anu.